Wokonza Mabatire pa Kapata

Mathalauza anga onse ali ndi zibowo.
Si makoswe, si njenjete,
ndi asidi wa m'mabatire.
Dontho limodzi Lolemba,
pofika Lachinayi bondo lili pamtunda.
Zaka makumi awiri ndi zitatu pano pa Kapata
ndaona madzi amenewa akudya sipanala,
akudya simenti, akufafaniza mizere ya zala zanga
mpaka makina a kubanki anakana chala changa chachikulu.
Choncho chinthu chimodzi ndinkachidziwa bwino:
momwe walowa asidi, moyo umasamukamo.

Tikambenji wabwera kudzationa mu Okutobala,
dzuwa likuwamba malata,
phiri la Kanjala lili mbuu ndi utsi wa lupsa.
Wakhala pa batire lakufa la thiraki,
wapinda miyendo kuopa nsapato zake zoyera,
akuti, Atate, kuli tamoyo tina tosaoneka ndi maso
timene timakhala m'madzi otsala pang'ono kuwira,
owawasa ngati achibale a asidi wanuyu.

Ndaseka mpaka Yotamu wowotcherera zitsulo
wazimitsa moto wake kuti amve nawo.
Ndati, sukulu ya ku Lusaka ija
ndinkalipira kuti akuphunzitse bodza?

Watulutsa foni yosweka pakona.
Pachithunzi pali timadontho totuwa, tosawumbika bwino,
ngati nshawa zofwanyika zotsalira m'lichero.
Tilibe mutu, tilibe mwendo,
tilibe ngakhale pakamwa pokuwira mayo.
Akuti kutali, kumene nthaka imapuma nthunzi
ndi kununkha dzira lowola,
kumene chule sangayerekeze kuviika chala,
timeneti timadya sulufule,
kamodzi nkukhala tiwiri, tiwiri nkukhala tinayi,
popanda nkhoswe, popanda mzamba.

Ndafunsa, anatiponyamo ndani? Tinalakwanji?
Akuti palibe anatiponyamo, ndiko kwawo.
Ndati, bwanji osatitunga,
kutiika m'madzi a pampopi tipumuleko?
Wandiyang'ana momwe ankandiyang'anira malemu amake
ndikagula zinthu osanenerera mtengo.
Atate, m'madzi ozizira timangouma gwa,
sitidya, sitikula, sitibalana.

Chinyanja chathu nchakabisira.
Mwana akati timakhala m'moto,
akati tilibe pakamwa,
khutu silidziwa ngati akunena tizilombo
kapena akunena ife.

Sindinamuuze za chaka chatha,
pamene ananditengera kunyumba kwake ku Chelstone,
ya matailosi ozizira ndi fani yozungulira usiku wonse.
Masiku atatu tulo osabwera,
manja akuyabwa chifukwa choyera,
mphuno ikufunafuna fungo lija loluma pakhosi.
Ndinanama kuti kasitomala akundidikira,
ndinakwera basi ya m'mbandakucha.
Titadutsa mlatho wa Luangwa ndinagona ngati khanda.

Koma ine si kachilombo ayi.
Ndimatsokomola usiku, oyandikana nane ku Mchini amadziwa.
Dontho lililonse limene linandiboola thalauza
linkagula kope, linkagula mayeso,
kuti iye asadzatole sipanala iyi.
Ndipo taonani, wapita kutali konseko
kukafunafuna asidi yemweyo,
atavala magolovesi ndi chovala choyera.

Minibasi ya ku Mwami yaima, injini zii.
Kondakitala wanyamula batire paphewa, thukuta kamukamu,
akuti, Mdala, fulumirani, anthu akutukwana.
Ndatsegula zitsekerero zonse zisanu ndi chimodzi.
Ndasuzumira m'chibowo choyamba,
ndakhalitsa kuposa masiku onse,
madzi akuda akuphulika tithovu ting'onoting'ono.

Tikambenji akuseka kumbuyo kwanga.
M'menemo mulibe kanthu, Atate,
asidi wanuyo wanyanya, ndiponso muli mtovu.
Ndati, ndikudziwa, mayi, ndikudziwa.

Komabe potsira madzi
ndapendeketsa botolo pang'onopang'ono,
kondakitala akupondaponda pansi,
ndipo chamumtima, kuti Yotamu asamve,
ndati, Odi.